Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha: Mbiri ya Mbuna ndi Anthu Obira m'Nyanja ya Malawi



Ife a kuno ku Balaka ndi ku Machinga nsomba timaidziwira m'mbale. Tikamva za chambo maganizo amathamangira ku nsima, tikamva za matemba timakumbukira nyanja ya Chilwa, ndipo tikamva za kambuzi timakumbukira Malombe ndi njinga za amalonda zodutsa pa Ulongwe m'mamawa. Komatu alipo anthu ena amene amachoka kutsidya kwa nyanja zamchere, kulipira ndalama zochuluka, n'kudzafika m'dziko lathu lino kuti angoona nsomba zili zamoyo m'madzi. Akakhuta kuona amabwerera kwawo. Lero ndifuna ndikufotokozereni m'mene khalidwe limeneli lidayambira, malo amene anthu amakaonerako nsombazi, ndiponso chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife okhala m'mbali mwa mtsinje wa Shire.

Nyanja ndi nsomba zake

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto kuli malo ozama pafupifupi mamita 700. Ana asukulu akale ankaloweza kuti ndi nyanja ya kalendala, poti m'litali mwake ndi mamailosi 365 ngati masiku a chaka, m'lifupi mamailosi 52 ngati masabata. Chimene ambiri sankachimva n'chakuti pa dziko lonse lapansi palibe nyanja ina yopanda mchere imene ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa yathuyi. Akatswiri amati banja limodzi lokha, limene m'Chingerezi amalitcha cichlid, lili ndi mitundu pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Chambo, utaka, ncheni, kambuzi ndi mbaba ndi za banja limeneli. Usipa, mpasa, ntchila ndi kampango ndi za mabanja ena.

Nsomba zimene alendo amadzera makamaka ndi mbuna. Dzinali lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo limanena tinsomba tokhala m'matanthwe. Zambiri kutalika kwake sikuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Zina ndi zobiriwira ngati thambo, zina zachikasu, zina zamizeremizere ngati mbidzi, zina zamawangamawanga. Chakudya cha zambiri mwa izo ndi ndere zomera pamiyala, zimene zimapala ndi timano tawo.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mbuna ndiye idaukana mwambi umenewu. Imabadwira pathanthwe, kukulira pomwepo, kuferanso pomwepo, chifukwa imaopa kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya pamene ingagwidwe ndi nsomba zolusa. N'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mbuna zakezake, monga momwe mudzi uliwonse uli ndi mbumba yake. Munthu akawononga miyala ya chilumba chimodzi akhoza kufafaniza mtundu wathunthu pa dziko lonse.

Kaleredwe kake ka ana nakonso n'kodabwitsa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kamwa, n'kuwasunga m'menemo pafupifupi masabata atatu, osadya kanthu, kufikira ana ataswa ndi kukhwimako. Chambo nachonso chimatero. Msodzi akagwira chambo chimene chafungatira ana m'kamwa, ndiye kuti wapha banja lonse nthawi imodzi.

Kubira n'kwakale

Tisaganize kuti kubira, ndiko kulowa pansi pa madzi, kudabwera ndi azungu. Anthu a kunyanja ankabira kalekale pokawonjola maukonde ndi mbedza zokodwa m'miyala, ndipo anyamata ankaphunzira kusunga mpweya m'chifuwa akadali aang'ono. Umboni woti makolo ankaziyang'anitsitsa nsomba uli m'maina amene adazipatsa. Pali nsomba ina yamawanga imene imagona chammbali pamchenga ngati yafa. Tinsomba tikabwera kuti tidye mtembowo, iyo imadzambatuka n'kutimeza. Asodzi adaitcha kaligono. Pamene akatswiri a sayansi ankadzalemba za chinyengo chimenechi m'mabuku, adapeza kuti dzina la makolo lidanena kale zonse.

Alendo oyamba ndi nsomba za m'mabotolo

Dr David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Mu Seputembala chaka chomwecho adakwera chigwa cha Shire, kudutsa m'mbali mwa Malombe, mpaka kukaona nyanja yaikulu. Adabweranso mu 1861 ndi bwato, ndipo dera la kumapeto kwa Nankumba adalitcha Cape Maclear pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni ake mudziwo amautcha Chembe mpaka lero. Mnzake wa paulendo, Dr John Kirk, adatola nsomba zingapo n'kuzitumiza ku London, kumene Albert Günther adazifotokoza m'chaka cha 1864. Imodzi mwa izo idali mtundu wa chambo.

Mu 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Edward Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, adafika ndi sitima ya Ilala n'kumanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear komweko. Malungo adawasautsa, ena adaikidwa komweko, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Manda awo alipobe, pafupi ndi gombe limene lero alendo amaloweramo m'madzi.

Kwa zaka zambiri nsomba zathu zinkapita ku Ulaya zouma kapena zoviikidwa m'mankhwala m'mabotolo. Dr Cuthbert Christy adatola zochuluka zedi mu 1925 ndi 1926, ndipo mayi wina wanzeru, Ethelwynn Trewavas, adazisanthula n'kulemba za mitundu yake mu 1935. Mu 1939 iye adafika kuno ndi anzake kudzafufuza za usodzi. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri, kuyambira 1945 mpaka 1947, mayi winanso, Rosemary Lowe, adachita kafukufuku wa chambo kummwera kwa nyanja. Koma nsomba ikaviikidwa m'mankhwala maonekedwe ake amafwifwa. Akatswiri a ku London ankawerenga mano ndi mamba a nsomba zotuwa, osadziwa kukongola kumene mwana aliyense wa ku Chembe ankakuona posamba. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Amene adasintha zinthu ndi Geoffrey Fryer, yemwe adagwira ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Iye adaziyang'anitsitsa mbuna zili pamalo pake, n'kuona chimene mtundu uliwonse umadya ndi m'mene mitundu yambiri imakhalira pathanthwe limodzi. Zimene adalemba mu 1959 ndizo zidatchukitsa dzina lachitonga lija m'maiko onse.

Nthawi imeneyo chipangizo chatsopano chidali chitayamba kufala. Mu 1943 Afalansa awiri, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, adakonza njira yoti munthu abereke botolo la mpweya kumsana n'kumapuma ali pansi pa madzi. Ndi chipangizo chotere Tony Ribbink ndi anzake adayendera matanthwe a nyanja yathu kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1983 adalengeza mitundu ya mbuna pafupifupi 200, yambiri isanakhale n'komwe ndi dzina m'mabuku.

Malonda a nsomba zamoyo

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mbuna zidayamba kukwera ndege. Anthu a ku Germany, ku Britain ndi ku America amakonda kuweta nsomba m'matanki agalasi m'nyumba zawo, ndipo ataona mbuna adatengeka nazo mtima. Peter Davies adali m'gulu la oyamba kuzitumiza kunja, ndipo pambuyo pake Stuart Grant adakhazikitsa malo ake ku Senga Bay m'boma la Salima, kumene adagwira ntchitoyi kufikira imfa yake mu 2007.

Obira m'madzi kukagwira nsombazi adali Amalawi, ndipo ndiwo ankadziwa thanthwe lililonse ndi nsomba zake. Mmodzi mwa iwo, Saulos Mwale, dzina lake lidalowa m'mabuku a sayansi. Kansomba ka ku Taiwanee Reef, chakufupi ndi chilumba cha Chizumulu, kadatchedwa saulosi mu 1990 pomulemekeza, ndipo amene adakatcha ndi Ad Konings, wolemba mabuku ambiri a nsomba za nyanja yathu. Kamuna kake n'kobiriwira ndi mizere yakuda, kakazi n'kachikasu. Kukongola kudakaputira tsoka: kadagwidwa mopyola muyezo mpaka kutsala pang'ono kutha pathanthwe lake lokhalo, ndipo anthu adachita kukaswetsa m'matanki n'kukabwezera m'nyanja. Mawu ena athu nawonso adasanduka maina a sayansi, monga Chindongo ndi Mchenga. Mwana wa ku Berlin amawatchula osadziwa kuti akulankhula chinenero chathu.

Malondawa adasiyanso chipsera. Amalonda ena ankataya pa chilumba cha Thumbi, moyang'anana ndi Chembe, nsomba zimene adazitenga kumpoto kwa nyanja. Zina zidakhazikika n'kuyamba kulimbirana malo ndi eni thanthwe, ndipo zilipobe. Madzi akatayika sawoleka.

Paki ya m'madzi

Poona zonsezi, boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980. Imatchulidwa kuti ndiyo paki yoyamba pa dziko lapansi yotetezera nsomba za m'madzi opanda mchere. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, ndipo imatenga mapiri a Nankumba, zilumba zingapo, ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe la malo otetezedwawo. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu onse a pa dziko. Midzi ya asodzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale idatsala m'kati mwa pakiyo, ndipo kuyambira pamenepo pakhala kukokanakokana pakati pa lamulo loteteza ndi mimba za anthu ofuna ndiwo ndi nkhuni.

Kumene mungakazione

Munthu wochokera ku Balaka amadzera pa Ulongwe, kusiya Malombe kudzanja lamanja, kufika ku Mangochi, n'kulunjika ku Monkey Bay. Asanalowe m'tauniyo amakhotera kumanzere mumsewu wa m'mapiri wopita ku Chembe. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini zimene azigogo ankatema kumaso.

Malo apafupi koposa ndi Otter Point, kumapeto kwa gombe la Chembe. Pamenepa bwato silifunika. Munthu amangotsika pamwala, madzi akafika m'chiuno n'kuviika nkhope, ndipo mbuna zimakhala zili pomwepo. Chofunika ndi galasi lovala kumaso ndi kapaipi kopumira. Wokhala ndi ndalama ya bwato amawoloka kupita ku Thumbi, ku Domwe kapena ku Mumbo. Thanthwe la Zimbawe, limene limatsetsereka kulowa m'madzi akuya, ndi la anthu ozolowera kubira ndi mabotolo. Ku Salima kuli zilumba za Maleri, kumpoto kuli Nkhata Bay, Kande, Likoma ndi Chizumulu. Ku Nkhata Bay anthu amabiranso usiku ndi matochi kukaona nsomba zazitali zosaka m'magulu, zimene zimatsata kuwala pofunafuna mbuna zobisala m'mapanga.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Seputembala mpaka mvula isanayambe, mphepo ya mwera italeka, mitsinje isanathire matope m'nyanja. Pamenepo madzi amayera kotero kuti munthu amaona patali ndithu. Nyanja yathu ilibe mchere woluma m'maso, ndipo madzi ake ndi ofunda chaka chonse. Ichi n'chifukwa chake alendo ambiri amadzaphunzirira kuno kubira ndi mabotolo. Maphunziro oyamba amatenga masiku anayi kapena asanu, ndipo womaliza amaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Malamulo ake aakulu ndi atatu: osabira wekha, osasunga mpweya m'chifuwa pokwera, ndiponso kukwera pang'onopang'ono, chifukwa wothamangira pamwamba amavulaza mapapo ndi magazi ake. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Musalowenso m'madzi pamalo achilendo musanafunse eni mudzi za ng'ona ndi mvuu, makamaka pafupi ndi mabango ndi pamathiriro a mitsinje. Safunsa adadya phula.

Mukalowa m'madzi musaphiriphithe. Wopupuluma amangoona tinsomba tothawa, koma wodekha amaona mudzi wathunthu uli pantchito. Adzaona tonde wa mbuna akupirikitsa mnzake pamalire a mwala wake. Pamchenga adzaona timilu ndi timabwalo timene nsomba zazimuna zimaumba ndi kamwa kuti zikope zazikazi, ngati mnyamata womanga gowelo. Adzaona mayi akulavula ana ake kuti adye, chinthu chikawopsa n'kuwabwezeranso m'kamwa. Mwamwayi adzapeza kampango wamwamuna ndi wamkazi akulondera ana awo m'chisa kunsi kwa thanthwe. Apa ndi pamene mwambi wa pamwambawu umakwanira: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro la Malombe

Wina angafunse kuti za ku Chembe zikutikhudza bwanji ife a kuno. Yankho lili pakhomo pathu pomwe. Nyanja ya Malombe ndi yosazama, ndipo madzi ake ndi a Shire yemweyu. Pakati pa 1915 ndi 1935, nyanja yaikulu itatsika, Shire adaleka kuyenda bwino ndipo anthu adalima minda pamene lero pali madzi. Madzi atabwerera Malombe idasanduka nkhokwe ya chambo. Mu 1982 asodzi adagwiramo chambo choposa matani 8,000. Patangopita zaka khumi sichidafike ngakhale matani 1,000.

Chidachitika n'chiyani? Makoka a maso ang'onoang'ono adachuluka, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kudabwera ukonde wotchedwa nkacha. Pokoka nkacha, mmodzi mwa asodzi amabira mpaka pansi kukasonkhanitsa zingwe za m'munsi kuti ukonde ukhale ngati thumba. Nayenso ndi katswiri wobira, wopanda botolo, wopanda galasi, wodalira chifuwa chake chokha. Koma maukondewa, pokwekwereza pansi tsiku ndi tsiku, adazula udzu wa m'madzi mobisala ana a nsomba, adasalaza zisa za chambo, n'kukokolola ana omwe. Chambo chitatha anthu adatembenukira ku kambuzi, nayenso adachepa. Mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko a Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo lamulo la usodzi la 1997 lidapatsa anthu a m'midzi gawo posamala nsomba. Komabe chambo cha Malombe sichidabwerere m'chimake. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, n'kupeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pachiswe, ndipo mitundu ya chambo idali m'gulu la yotsala pang'ono kutheratu. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Kutha kwa nsomba kumafikanso m'thupi la munthu. Kale gombe la Chembe linkadziwika kuti lilibe likodzo lambiri. M'zaka za m'ma 1990 matendawa adafala pakati pa ana a m'mudzimo ndi alendo omwe. Jay Stauffer ndi anzake, atafufuza kwa zaka zambiri, adaona kuti nsomba zodya nkhono zidachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, ndipo nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zidaswana popanda wozidya. Choncho amene wasamba kumeneko achite bwino kukaonana ndi achipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu, poti mankhwala ake alipo.

Mwambo wa ku Mbenje

Njira yosungira nsomba makolo adali nayo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukusunga lamulo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala, asodzi onse n'kuchokapo, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo mu Epulo nsomba zitaswana. Mowa, juga ndi maukonde oletsedwa saloledwa pachilumbapo, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi mfumu ndi nduna zake. Zotsatira zake n'zakuti utaka wa ku Mbenje umachuluka pamene madoko ena akulira, ndipo akatswiri a m'maiko ena amabwera kudzaphunzira nzeru imeneyi. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Mawu otsiriza

Adzukulu anga, n'zomvetsa chisoni kuti munthu wa ku Osaka kapena ku Chicago atchule mbuna maina khumi, pamene mwana wobadwira mtunda wa maola atatu kuchokera ku Chembe sadaionepo ndi imodzi yomwe. Aphunzitsi okonza maulendo a ana asukulu asathere pa mlatho wa Liwonde. Apitirire mpaka ku Otter Point, abwereke magalasi awiri kapena atatu, ana aziviika nkhope mosinthana pamadzi ofika m'chiuno, akulu akuwayang'anira. Mwana amene waona chambo chikulera ana m'kamwa sadzasandutsa neti yotetezera udzudzu kukhala khoka.

Ndipo inu amayi ndi abambo opita kumsika wa Balaka, wa Ulongwe kapena wa Liwonde, mukapeza tiana ta chambo tili pamulu, makamaka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene makoka amaletsedwa, tisiyeni. Wogula akakana, wogwira amaleka. Mukapitanso kwa agogo a kunyanja, afunseni maina a nsomba m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chitonga, muwalembe m'kope, chifukwa nsomba ikatha dzina lake limatsatira.

Tsalani bwino, tidzachezanso.